Thabwa Losowa pa Ulimba wa a Lorenso

Anzanga ena amene ndidaphunzira nawo ku Zomba amati miyambo ya pamaliro ndi mantha chabe, ndipo amalosera kuti sukulu zikadzachuluka idzafota yokha. Ndidatsutsana nawo m'kalasi, ndidatsutsana nawo pa mzere wolandirira chakudya, ndipo pano ndikuwatsutsa ndi cholembera. Sindibweretsa mabuku amene iwo amawadalira. Ndibweretsa munthu mmodzi, a Lorenso Alufandika a kwa Tengani, woimba ulimba, amene tidawaika m'manda chaka chathachi. Mlongo wanga Otilia adakwatiwa ndi mwana wawo, choncho zimene ndikulembazi sindidachite kumva kwa apaulendo.

A Lorenso adabadwira kutsidya kwa Shire, m'munsi mwa phiri la Morumbala, lija timaliona kum'mawa kukayera. Adaoloka ali mnyamata pothawa chibalo cha Apwitikizi, amene ankagwira anthu kukalima thonje la eni ake. M'bwato limene adaolokera mudali mphasa, nkhwangwa ndi mtolo wa matabwa a ulimba umene malume awo adawasiyira. Atafika kwa Tengani adapempha malo, adalima mapira ndi thonje, adaweta mbuzi, adabatizidwa, nakwatira mayi Jesinta. Sindikufuna kuwayeretsa chifukwa choti adamwalira. Adali nkhutukumve, ankakonda uchema, mowa wa mgwalangwa uja, ndipo akayamba mkangano sankausiya kufikira mnzawoyo atanyamuka yekha. Mwina n'chifukwa chake ine ndi iwo sitinkatopetsana.

Kwa amene sadauonepo, ulimba ndi matabwa a mlombwa ondandalikidwa pa chimango chachitali, kuyambira lalikulu la mawu akuya kufikira kakang'ono ka mawu oonda. Pansi pa thabwa lililonse pamalendewera chikho, ndipo pa kabowo ka chikhocho amamatapo kansalu koyera kamene kangaude amasungiramo mazira. Kansaluko ndi kamene kamanjenjemeretsa mawu, n'kumamveka ngati a munthu amene wangotsiriza kulira. Ulimba umodzi amaimba anthu atatu. A Lorenso ankakhala pakati, mnzawo a Sebastiano ku matabwa aakulu, ndipo ku ang'onoang'ono kudadutsa anyamata osiyanasiyana kufikira mwana wawo Andrea atakula.

M'midzi yonse yozungulira, mpaka ku madambo a kwa Nyachikadza, uthenga wa maliro unkafika kwa a Lorenso nthawi imodzi ndi kwa adzukulu okumba manda. Ankamangirira ulimbawo pa njinga n'kumaikankha, chifukwa kukwera kukadaswa zikho. Pa siwa sankathamangira kuimba. Ankayamba ayang'ana namfedwa, ndipo akaona mayi amene wangoti duu, maso ouma, ankasankha nyimbo yomumasula. Mawu awo amene aliyense kwathu amawakumbukira ndi awa: "Misozi yobwerera nayo kunyumba imadwalitsa. Munthu aisiye pamaliro pompo." Ndikupempha wowerenga asunge mawu amenewa, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Katekisiti wa kwathu, a Petro, adawauzapo kuti ulimba pamaliro ndi zachikunja. Iwo adayankha kuti tsiku limene Mulungu adzalenge Mkhristu wopanda misozi, ulimbawo adzauwotcha okha. Nawo a chipani ankawaitana kukaimba pa misonkhano. Ankapita, khadi la chipani lili m'thumba monga wina aliyense, koma kumeneko ankaimba nyimbo za paukwati ndi za pamowa. Za pamaliro sadaziimbepo pa bwalo la msonkhano ngakhale kamodzi.

Mayi Jesinta adabereka ana asanu, koma wamwamuna amene adakula ndi Andrea yekha. Mayiwo atamwalira, Andrea adasanduka ndodo ya bambo ake. Adali munthu wofatsa, wosakonda mkangano, ndipo sindidamvetse kuti adabadwa bwanji m'nyumba imeneyo. Pa ulimba adali ndi dzanja lopepuka. Thabwa lina mwa ang'onoang'ono litang'aluka, adasema lake, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo iliyonse ankaiyambira pa thabwa limenelo. Akaligogoda kawiri, akuluakulu awiri aja ankadziwa kuti nthawi yakwana. Adakwatira Otilia mwa mwambo wa kwawo, mkazi n'kupita kukakhala kuchimuna, ndipo adabereka mwana wamkazi, Rosa.

Mu 1986 nkhondo ya ku Mozambiki idafika m'mphepete mwa Shire. Anthu ankaoloka usana wonse, ena ndi mbuzi, ena ndi mwana kumsana basi, ndipo minda yathu idadzaza misasa. A Lorenso adali ndi mlongo wawo wokalamba amene adatsala kutsidyako. Adafunsa othawa nkhondo onse amene adakumana nawo, koma palibe adamuona. Tsono adatuma Andrea kuti akamutenge. Andrea adaoloka m'mawa wina atanyamula kamba wa mbatata, atauza mkazi wake kuti asamusungire ndiwo za tsiku limenelo koma za mawa lake. Sadabwerenso. Wina adati adamuona atasenzetsedwa katundu ndi asilikali. Wina adati mudzi wa azakhali akewo udatenthedwa. Wina adati sadamuone konse.

Makolo athu adadziwa kale kuti mtsinje umene uli ndi ng'ona subweza mtembo nthawi zonse, choncho adakonzeratu njira. Munthu akasowa kufikira chiyembekezo chitatha, amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga mu nsalu ndi mphasa, n'kuliika m'manda monga mwini wakeyo. Anthu amalira, amameta, ndipo pambuyo pake mkazi wamasiye amasudzulidwa kuti akayambe moyo wina. Anzanga aja amati kumeneku n'kudzinamiza. Ine ndimati ndi nzeru yoposa zambiri zimene tidalembera mayeso, chifukwa manda sakumbidwira wakufa yekha. Amakumbidwiranso otsala, kuti adziwe poima.

Koma mwambowu sungachitike popanda chilolezo cha bambo wa wosowayo, ndipo a Lorenso adakana. Sadalekere pomwepo: adalamula kuti pakhomo pawo pasamveke kulira, popeza kulira munthu wamoyo ndi malodza, kuli ngati kumuitanira imfa. Munthu amene adaliritsa dziko lonse la Tengani adatseka misozi m'nyumba mwake. Ku matabwa ang'onoang'ono sadalolenso munthu kukhalako. Ankaimba awiri okha ndi a Sebastiano, malo a Andrea ali pululu.

Amene adasenza lamulo limeneli ndi Otilia. Sadali mkazi wapabanja, komanso sadali wamasiye. Akaseka pa chitsime, amayi ankati waiwala mwamuna wake. Akagwetsa nkhope, ankati akufuna kumupha ndi malodza. Kubwerera kwathu sakadatha, chifukwa adali asanasudzulidwe. Ankalima munda wa mwamuna wake, kuphikira apongozi ake, ndi kuyankha Rosa tsiku ndi tsiku kuti bambo ake akubwera. Mvula idagwa n'kuleka, idagwanso n'kuleka. Nditabwera ku tchuthi ndidapeza mlongo wanga ataonda, akulankhula motsitsa ngati muli wodwala m'nyumba. Chipatala cha ku boma sichidampeze ndi nthenda.

Ndidapita kwa a Lorenso masana ena. Ndidawapeza pansi pa mtengo wa masau, akumata phula pa chikho chong'aluka.

"Mwabwera, a Zomba?" adatero osadzutsa mutu. "Khalani pansi, mungatiphimbire dzuwa ndi maphunzirowo."

Ndidakhala, ndidawalonjera, kenaka ndidati, "Bambo, ndabwera pa nkhani ya mlongo wanga."

"Mlongo wanu akudya, akusamba, akugona m'nyumba ya mwamuna wake. Wadandaula chiyani?"

"Sangadandaule, poti mudamuletsa."

"Nkhabe, ayi! Ndidamuletsa kulira. Kodi ku Zombako mumalira anthu amoyo?"

Ndidaandalika mfundo zanga mwadongosolo. Ndidati onse ochokera m'midzi imene Andrea adalowera adaoloka kale, ndipo palibe wabwera ndi uthenga wake. Ndidati Andrea sadali munthu woti n'kukhala moyo osatumiza mawu kwa mwana wake. Pomaliza ndidawabwezera mawu awo omwe, akuti misozi yobwerera nayo kunyumba imadwalitsa, ndipo ndidaloza nyumba ya Otilia.

"Mtembo mwauona?" adafunsa.

"Iyayi."

"Ndiye mwabwera ndi chiyani, pakamwa pokha? Tamverani, a Zomba. Ine ndidasowa kwathu ndili mnyamata, osatsanzika, osatumiza mawu. Mayi anga akadaika nthochi m'manda chaka chimenecho, bwenzi lero mukukangana ndi mzukwa."

Yankho limeneli ndi lamphamvu, ndipo ndidavomera pomwepo kuti ndi lamphamvu. Koma ndidawauza kuti si ndilo lidawamanga manja. Ndidati, "Bambo, malodza simukuwaopa. Mukuopa kuti tsiku limene mudzaike nthochi m'manda, mudzakhala mutavomera kuti ulendo umene mudamtuma udali womaliza."

Adaika chikho pansi mosamala. Kenaka adati, "Dzuwa lapendeka. Kwanu n'kutali." Kwathu kudali kuseri kwa munda wa mapira, koma ndidamva, ndipo ndidanyamuka. Mfundo zanga zidali zoona, ndipo mpaka lero sindidabweze ngakhale imodzi, koma sizidasunthe kanthu.

Chimene chidasuntha a Lorenso chidachitika nyengo yokolola mapira. Asodzi adapeza mnyamata wina pa dooko, atagona pansi pa mtengo, mapazi atatupa, thupi likutentha. Adali ataoloka yekha. Adamwa madzi pang'ono, namwalira asanatchule dzina lake kapena mudzi wake. Adaitana anthu a m'misasa kuti adzamuone, koma palibe adamzindikira. Kwathu mlendo akafera pamudzi amasanduka mwana wa mudziwo, motero adzukulu adakumba manda, amayi adasonkha ufa, ndipo a Lorenso adakankha njinga yawo kupita ku dooko. Ine ndidalipo.

Adali maliro ozizira. Amayi adakhala mozungulira mphasa, koma popanda dzina lotchula kulira kunkangoyamba n'kuzima. Dzuwa lidali litakwera ndithu pamene a Lorenso ndi a Sebastiano adayamba nyimbo ija yoperekezera mtembo. Otilia adatulukira kuchokera ku mtsinje atasenza ndowa ya madzi. Adaima, adayang'ana mphasa, adayang'ana malo opanda munthu ku matabwa ang'onoang'ono. Adatula ndowa ija bwinobwino, osataya ngakhale dontho, kenaka adadzigwetsa pambali pa mtembo wa mlendoyo.

"Andrea ine! Bambo ake Rosa! Wakusambitsa ndani? Wakutseka maso ndani? Mphasa yako wapereka ndani?"

Amayi awiri adamthamangira kuti amtseke pakamwa. Ulimba udaleka. Otilia adadzimasula, adakwawa ndi maondo kufika pafupi ndi apongozi ake, nayang'ana kumbali monga mwa ulemu wake. Aka kadali koyamba kuti alankhule nawo pagulu.

"Apongozi, mundikhululukire. Uyu ali ndi mayi ake kwinakwake. Akumusungira ndiwo, akuyang'ana kunjira. Ife tikudziwa kuti sadzabwera, iwo sakudziwa. Kwathu mudaletsa, ndipo sindidakulakwireni pakhomo panu ngakhale tsiku limodzi. Koma pano si pakhomo panu. Ndibwerekeni maliro awa."

A Lorenso adayang'ana mtembo wa mnyamata wopanda dzina uja, mapazi otupa akuonekera kumapeto kwa mphasa. Kenaka adauza amayi aja kuti, "Musiyeni." Adagwedezera mutu a Sebastiano, nyimbo idayambanso, ndipo Otilia adalira kufikira mawu atasasa. Amayi ena onse adamtsatira. Mlendo uja adapita kumanda ndi maliro a mwana wa pamudzi, ngakhale dzina limene linkatchulidwa silidali lake.

Sabata isanathe a Lorenso adaitana abale ndi akuluakulu a pamudzi. Adati avomera kuti maliro a Andrea achitike. Anyamata atanyamuka ndi zikwanje kuti akadule nthochi, adawabweza.

"Nthochi ayi. Nthochi siimudziwa mwana wanga."

Adakoka ulimba, adamasula chingwe, nachotsa thabwa lija Andrea adasema, lokumbika pakati chifukwa cha kugogodedwa. A Sebastiano adalumpha.

"Iwe Lorenso, wapenga? Ulimba ugweluke dzino ngati mwini wake? Nyimbo zonse zimadutsa pamenepo!"

"Zizidutsa."

"Nanga tiziyambira pati?"

"Uziyamba iwe. Zaka zonsezi wakhala ukubisala kumbuyo kwa mwana, lero uonekere."

"Ndikasema lina mawa lomwe."

"Ukasema, ukaimbe wekha kwanu."

A Petro nawo adadandaula kuti sangatsogolere mapemphero pa thabwa. A Lorenso adawayankha mofatsa, zimene sizidali chizolowezi chawo: "Inu pemphererani mwana wanga. Thabwalo lisiyeni kwa ine." A Petro adaganiza pang'ono, natsegula buku lawo.

Thabwa lija adalikulunga mu malaya a Andrea, kenaka mu nsalu yoyera, kenaka mu mphasa, ndipo adaliika pafupi ndi manda a mayi Jesinta. Mtolowo udali wopepuka kotero kuti adzukulu adachita manyazi kuunyamula anthu anayi, komabe adaunyamula anayi, pa mapewa, ndi mayendedwe a pamaliro. Tsiku limenelo a Lorenso sadaimbe, pakuti mwini maliro saimba. Adabwera oimba a mudzi wina ndi ulimba wawo. A Lorenso adakhala pa mphasa ya namfedwa, ndipo anthu amene adawadziwa zaka makumi anayi adati aka kadali koyamba kuona misozi yawo, chifukwa ngakhale pa maliro a akazi awo adangoluma mano.

Adameta. Nyengo yake itakwana a Lorenso adasudzula Otilia pamaso pa abale a mbali zonse ziwiri. Mawu awo adali ochepa, oyamba ndi kuthokoza m'chilankhulo cha kwawo: "Takhuta, mwananga. Nyumba waisunga, ine wandisunga. Ndidakumanga nthawi yaitali. Pita." Mwa mwambo wa kwawo Rosa adayenera kutsala kuchimuna, koma adalola kuti apite ndi mayi ake, azingobwera kudzawaona sukulu akatsekera. Otilia adabwerera kwathu, thupi lidabwerera, ndipo patapita nthawi adakwatiwanso ku Bangula.

Ku matabwa ang'onoang'ono a Lorenso adalola mnyamata wina, Maclean, kukhalako, koma adamulangiza kuti nyimbo ikafika pa thabwa losowalo asalumphire lina loyandikana nalo. Dzanja lizitsika monga kale, ligunde mphepo. Poyamba anthu ankati ulimbawo ukutsimphina. Pang'ono ndi pang'ono makutu adazolowera, ndipo kenaka adayamba kuudikira mpatawo. Ine ndidaona amayi amene adapirira nyimbo yonse maso ali gwa, n'kudzagonja pa kamphindi kaja kopanda mawu. Aliyense ankaikapo wake. M'zaka zimenezo panalibe banja m'mphepete mwa Shire limene lidalibe munthu wosadziwika kumene adagona.

Apa ndi pamene ndimawafunsa anzanga aja. Iwo amalemekeza chipilala cha simenti chokhala ndi dzina ndi zaka, ndipo sindikuchinyoza. Koma chipilala chimakhala kumanda, kumene munthu amapitako kamodzi pa chaka ngati wakumbukira, ndipo kwathu kuno madzi akasefukira amachikwirira ndi matope. Chikumbutso cha Andrea chinkayenda pa njinga mudzi ndi mudzi, chinkamveka paukwati, pamowa ndi pamaliro. Ngati kumeneku ndiko kusaphunzira, andiuze dzina la buku limene likadaphunzitsa a Lorenso njira yoposa imeneyi.

A Lorenso adamwalira chaka chatha m'nyengo yotentha, atadwala chifuwa. Adaimba kufikira manja atakana. Otilia adabwera kuchokera ku Bangula pamodzi ndi Rosa, ndipo adakhala pa mphasa ya ana a pakhomopo, osati ya alendo. Pa ulimba a Sebastiano adasunthira pakati. Titabwerako kumanda, anyamata ena adafunsa ngati sikukadayenera kuchotsanso thabwa lina, la mwini ulimbayo.

"Tikamachotsa thabwa aliyense akafa, mudzatsala ndi zikho zokha," adatero a Sebastiano. "Mwini wake adakaniratu. Adati iye tamuona, tamusambitsa, tikudziwa pamene wagona."

Tsono Maclean adafunsa ngati nthawi sidakwane yoti aseme thabwa latsopano, poti woletsa uja wapita. Ndidayembekeza kuti a Sebastiano, amene adalimbana ndi mpatawo kuyambira tsiku loyamba, avomera msanga. Adapukusa mutu. Adati a Lorenso ali gone adawaitana, nawauza kuti pamenepo pasakhudze munthu. Za Otilia adati zidatha, adamusudzula ndi mtima umodzi, ndipo wina asadzamuvutitse ngakhale zitatani. Koma nkhondo kutsidyaku sidathe, ndipo anthu akuolokabe.

"Ndidamufunsa kuti, nanga mwanayo akadzatulukira?" adatero a Sebastiano, akumangirira ulimba pa njinga. "Adati, akabwera adzasema lina yekha. Mlombwa sudathe m'thengo."